Kukapempha Kuti Maliro Adikire

Ndinanyamuka pa Kasungu Lachiwiri m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuotcha paliwombo. Achimwene anga anali atamwalira dzulo lake kuchipatala ku Lundazi, m'dziko la Zambia, ndipo ine ndinali ndi ntchito ziwiri: kukalira, ndi kukapempha abale kuti maliro asaikidwe mpaka Loweruka. Yachiwiriyi anandituma ndi Wongani, mwana woyamba wa malemuwo, amene amagwira ntchito ku Ulaya.

"Azakhali, inu akakumverani," anatero pafoni. "Bambo sindinawaone zaka zambiri. Ndikangoona nkhope yawo, basi."

"Nanga osanyamuka lero bwanji?"

Anati makina amene amayang'anira ali pakati pa kuzizira, ndipo mnzake woti n'kumusiyira afika Lachinayi. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinamufunsa ngati makinawo ndiwo anamubereka. Nthawi yomweyo ndinadzimvera chisoni ndekha, chifukwa mwanayu ndinamulera ine pamene ankaphunzira sekondale pa Kasungu. Ndinamulonjeza kuti ndikalimbana nawo abalewo.

Minibasi ya ku Jenda inatitengera masauzande asanu ndi atatu aliyense, n'kutipanikiza anayianayi pampando wa anthu atatu. Titangodutsa Nkhamenya, utsi unayamba kutuluka pansi pa mpando wa dalaivala. Tonse tinatsika, kondakitala n'kuthamangira kumjigo ndi chigubu. Tikudikira pamthunzi, bambo wina wogulitsa mafosholo anandifunsa za nsalu yakuda imene ndinamanga kumutu. Ndinamufotokozera zonse, mpaka ntchito ya Wongani, momwe ndinaimvera ine wogulitsa mtedza.

Kumene amagwira ntchitoko kuli maginito aakulu ngati minibasi yomweyi, okulungidwa ndi waya. Ntchito ya maginitowo ndi kukhotetsa njira ya tinthu tating'onoting'ono totchedwa myuoni, tosaoneka ndi maso, timene timafa munthu asanaphethire n'komwe, kuti tikafike pamene anthu ophunzira akutidikirira kuti atiyeze. Maginitowo amadya magetsi ambiri, choncho amafuna kuziziritsa, ena ndi madzi oyenda m'mapaipi, ena ndi mpweya wozizira kuposa ayezi. Kuwaziziritsa kumatenga masiku, ndipo ukalakwitsa pakati umaononga ntchito ya anthu ambirimbiri. Woyang'anira magetsi ndi kuzizira kumeneko ndiye Wongani.

"Ndiye muwauze abwere atiziziritsire iyi," anatero bamboyo akuloza minibasi. Ndinaseka, koyamba chimvereni uthenga, kenako ndinachita manyazi.

Pa Jenda tinafika cha m'ma leveni. Ndinagula chipisi cha m'pepala koma sindinachidye, ndiye ndinapatsa mayi wina wa mwana kumsana. Kuchoka apo ndinakwera njinga yamoto kulowera kumalire. Fumbi linandilowa m'mano ndi m'makutu, ndipo m'mbali mwa msewu minda inali yotenthedwa kale, yakuda, ikudikira mvula. Pachipata anandidindira chiphaso, ndinasintha ndalama, n'kuoloka wapansi kupita mbali ya Zambia, pa Lusuntha.

"Monire amama," anatero mnyamata wa takisi. "Muyenda ku boma? Ni fifite kwacha chabe."

M'galimotomo ndinamupempha kuti tikafika andionetse potchajitsa foni.

"Aa, mami, malaiti yanayenda kuseni. Yazabwela usiku, ngati yafuna."

Ankanena kuti magetsi anazima m'mawa, koma mawuwo ndinawamva ngati nkhani ya foni basi. Sindinaganize patali.

Lundazi ndinamupeza ali phee ndi kutentha. Zigayo zinali chete, owotcherera zitsulo atakhala pamabenchi, njinga zakapalasa zokha zikudutsana. Kunyumba yachisoni ya pachipatala ndinapeza msuweni wathu, a Zimba, atakhala pamwala, chipewa chili pabondo. Titalira pang'ono ndinayamba ntchito imene ndinatumidwa. Ndinanena kuti mwana woyamba sangamanidwe nkhope ya bambo ake, kuti Loweruka si chaka chamawa, kuti ife a kuchimuna tisachite ngati tikutaya galu. Ndinalankhula mokweza, anthu mpaka kutembenuka.

A Zimba sananditsutse. Anangoitana bambo wosamalira nyumbayo, munthu wachikulire wa nsapato zamphira.

"Amai, pepani," anatero bamboyo. "Filiji isebenza ngati malaiti yalipo. Manje na kupya uku, tiyesa, koma ivuta. Ngenani muone mweka."

Ankatanthauza kuti filiji imagwira ntchito magetsi akakhalapo basi, ndipo ndi kutentha kumeneku zinthu zikuvuta. Ndinalowa. Mpweya wa m'chipindamo unali wofunda, ndipo ndinagwira mphuno ndi nsonga ya chitenje ndisanaganize kuti ndikuchita zimenezi kwa mlongo wanga. Bamboyo anavundukula nsalu. Sindifotokoza zonse. Achimwene anali munthu wochepa thupi, wa masaya olowa, koma amene anagona apo ndinamuzindikira ndi chipsera cha pachibwano chokha. Ndinawagwira pachipumi. Sipanali pozizira.

Nditatuluka, ndinauza a Zimba kuti akafune bokosi ndi galimoto. Palibe anandikakamiza. Ine amene ndinabwera kudzaimitsa maliro ndine ndinati tinyamuke lero, tiike mawa.

Foni inali itatsala pang'ono kuzima. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango n'kumuimbira Wongani. Kumbuyo kwake kunkamveka kulira kwa makina, kosalekeza ngati chigayo chakutali.

"Afunseni kuti m'filijimo muli madigiri angati," anatero mofulumira. "Mupeze jenereta, azakhali. Kapena ayezi, matumba ambiri, muwazungulize. Ndikuuzani kaikidwe kake."

"Ayezi tikamupeza kuti m'tauni yopanda magetsi? Mwana wanga, tachedwa kale. Ndawagwira ndi dzanja langali."



"Ndiye ndijambulireni. Chithunzi chimodzi chokha."

"Ayi."

"Azakhali, chonde."

"Ndati ayi. Ukwiye nane, palibe kanthu."

Ndinamva akupuma movutika. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono, omwe aja ankandipemphera nawo sopo ali pasukulu: "Akuoneka bwanji?"

"Ngati agona," ndinatero. Foni inazima ndisanamve yankho lake, ndipo ndinathokoza kuti yazima.

Tinanyamuka pa boma dzuwa litapendeka, pa lole yaing'ono yonyamula chimanga, kulowera kwa Mwase kumene kuli mudzi wathu. Msewu ndi wamabampu, ndiye ine ndi a Zimba tinakhala uku ndi uku titagwira bokosi kuti lisagundike. Tinadutsa anthu akuthirira nazale za fodya kudambo. Ankaika makeni pansi, amuna n'kuvula zipewa, mpaka titapitirira. M'njira yonseyo ndinali wokwiya, koma sindinkadziwa womukwiyira. Mwana anaphunzira mpaka kukaziziritsa zitsulo za eni ake kutsidya kwa nyanja, pamene kwawo bambo ake alephera kusungika masiku anayi. Mlandu si wake, si wa bambo wa nsapato zamphira uja, koma mtima sufuna kumva zimenezo.

Pamudzi tinafika ng'ombe zikulowa m'khola. Azimayi anayamba kulira lole isanaime. Alamu anga, mayi ake a Wongani, anatuluka m'nyumba atagwiriziridwa ndi azimayi awiri. Anaona bokosi, kenako anandiyang'ana ine. Uthenga woti ndikubwera kudzaimitsa maliro unali utawafika, ndipo anali ataukhulupirira.

"Alamu, mwana ali kuti?"

"Adzanyamuka Lachinayi."

"Ndiye mwabweretseranji bambo ake lero? Si paja tidikira?"

Paulendo wonse ndinkakonza mawu oti ndikalimbane nawo anthu ofuna kufulumira. Oti ndiuze mayi wofuna kudikira ndinalibe ndi amodzi omwe. Ndinagwada pafumbi n'kugwira mapazi awo.

"Sitidikira, alamu," ndinatero. "Ndipo bokosili musalitsegule."