Pasi ya Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anasewera mpira wolipidwa zaka khumi ndi zitatu, koma zigoli zimene anamwetsa sizikwana zala za dzanja limodzi. Ndinkakonda kuwaseka nazo. Iwo ankangoti, "Mlamu, wophika sakhala patebulo." Ankasewera pakati, jezi nambala sikisi. Ntchito yawo inali kulanda mpira n'kuupereka kwa amene atuluke m'nyuzipepala mawa lake. Masapota ankawatchula kuti Mlatho, poti mpira uliwonse wochokera kumbuyo unkawolokera pa iwo.

Anayambira m'timu ya fakitale ya sopo, komwe m'mawa ankasenza makatoni. Timu yaikulu ya m'tauni itawatenga anasiya ntchitoyo, n'kukwatira achemwali anga chaka chomwecho. Pa zaka zonsezo khadi yofiira sanaionepo.

M'chaka chawo chomaliza timu inafika mufainolo ya chikho, koyamba chiikhazikitsireni. Bondo lawo lamanzere linali litatupa milungu itatu. Kochi anabwera yekha kunyumba, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Mphindi nainte zokha, Mlatho. Dokotala akubaya jekeseni, sumva kanthu."

Achemwali anali ataima pakhomo la chipinda ndi beseni la madzi otentha. "Nanga jekeseniyo ikatha mphamvu, odzawanyamula mudzakhala inu?"

"Mayi a mwana, zisiyeni," anatero alamu. "Tsikuli ndalidikira moyo wanga wonse."

Anasewera bwino ndithu, ine ndinaonera. Kutatsala mphindi zinayi, palibe timu imene inali itagoletsa. Alamu analanda mpira pafupi ndi golo lawo, adani awiri ali pamsana. Malinga ndi alamu, goloboyi wawo anakuwa kuti, "Bweza kuno!" Anabweza. Koma goloboyiyo sanasunthe pamzere. Wa timu ina anaupeza mpira panjira, n'kuukankhira muukonde ngati akusewera ndi ana.

Mawuwo anawamva ndi anthu awiri okha, pomwe pasiyo inaonedwa ndi bwalo lonse. Atolankhani atamufunsa, goloboyi anati iye anangodabwa kuona mpira ukubwerera. Pofika Lolemba tauni yonse inkati Mlatho wagulitsa gemu. Dzina linasintha, anakhala Chaulere. Mawindo akutsogolo kwa nyumba yawo anaswedwa kawiri, achemwali mpaka anasiya kuikamo magalasi, anangokhomapo bolodi. Timu sinawapatsenso kontrakiti, ndipo bondo lija silinapindikenso bwinobwino.

Lero amakhala pa kampando pageti la malo oimika magalimoto, kukweza ndi kutsitsa chitsulo. Madalaivala ena anabadwa fainoloyo itachitika kale, koma nawonso amatsitsa windo n'kunena kuti, "Tsegulani, a Chaulere." Amatsegula. Mpira saonera ngakhale pa TV. Mwana wawo wamkazi ankathamanga kwambiri kusukulu, iwo anamuletsa zamasewera zonse, ndipo mpaka pano awiriwa amangopatsana moni.

Chaka chatha tinamva kuti goloboyi uja wagonekedwa m'chipatala ndi impso. Alamu anandipempha kuti ndiwaperekeze. Wodi inali pamwamba, lifiti itafa, ndiye masitepe makumi awiri tinawakwera ngati phiri, iwo atandikoleka dzanja paphewa.

Anacheza za matenda, za ana, za anzawo amene anatsogola. Kenako alamu anasendeza mpando.

"Achimwene, tsiku lija munaitana mpira. Sindikufuna nyuzipepala ayi. Mungonena pamaso pa mlamu wangayu, amveko munthu mmodzi."

Wodwalayo anayang'ana botolo la diripi nthawi yaitali. "Zakalekale zimenezo. Angakumbukire ndani?"

Mkazi wake anati odwala atopa, ndipo tinatsanzika. Goloboyiyo anamwalira patatha milungu iwiri.

Potsika masitepe tsikulo alamu anaima pakati kuti apume. Thukuta linali litanyowetsa kolala.

"Iweyo mlamu, umandikhulupirira?"

Ine pa fainolo ija ndinali kumtunda kwenikweni, pakati pa ng'oma ndi malipenga. Sindinamve kalikonse. Ndinayang'ana kaye masitepe, kenako n'kunena kuti ee.

"Wachedwa kuyankha," anatero.

Anachotsa dzanja paphewa panga, n'kugwira chitsulo cha m'mbali. Masitepe otsalawo anatsika okha, mwendo wabwino patsogolo, winawo akuukoka.