Makaniko wa Nyundo

Aneba athu kuno ku Katete amandikwiyitsa. Amadzitcha makaniko, koma chida chawo ndi nyundo basi. "Chitsulo chimamva kumenya," amatero.

Makina anga ophikira khofi, amene anandisiyira Mtaliyana wina wokonza misewu, anayamba kudzaza madzi mopitirira mpaka kumalavula madziwo m'malo mwa nthunzi. Bambowa anawamenya katatu, chivindikiro n'kung'aluka.

Akazi awo, a Yunesi, anasuzumira m'kati. "Zoyera zija za madzi a pachitsime zakuta kawaya koyeza madzi," anatero. Anakatsuka ndi mandimu ngati ketulo, makina n'kukhala bwino.

Lero bambowa akulengeza pamsika kuti anakonza ndi iwo. Anakonza chiyani? Chimene anakhudza ndi chivindikiro changa, ndipo mpaka pano n'chomanga ndi malegeni!