Miyeso ya Ana Kutsindwi kwa Apongozi

Nditakwatiwa kumudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ku Salima, anzanga ogulitsa usipa sanachedwe kundiuza kuti ndalowa m'banja la mfiti. Ankandinong'oneza mondimvera chisoni. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndiye ndinawafunsa ngati mfitiyo imaulukira palichero lomwe lija iwo ankabwereka kukapetera mpunga.

Apongozi angawo, amayi awo a amuna anga, sankapita kutchalitchi, kumzikiti sankapondako. Ukawafunsa ankangoti amapemphera kumene ankapemphera amayi awo. Kumeneko kunali patsinde pa mlambe, kuseri kwa nyumba yawo. Asanasende luzi pamtengowo ankayamba athira kaufa pansi n'kuyankhula motsitsa mawu. Luzilo ankaliviika, kulisasantha, n'kulipota pantchafu mpaka lisanduke kachingwe kosalala. Kachingweko ndi kamene ankapangira mkuzi womanga makanda m'chiuno, wokhala ndi mkanda umodzi ndi kamtengo koboola. Ena masiku ano amangodula ulusi wa ukonde, koma iwo ankaukana. "Mwana si chambo," ankatero.

Asanapote mkuzi ankayamba ayeza chiuno cha khandalo ndi kachingwe kena. Muyeso umenewu sankaupereka kwa make mwana, sankautayanso. Ankati chingwe chimene chazungulira mwana chimatenga thupi lake, ndipo munthu wa mtima woipa akachitola angamuchite mwanayo chilichonse. Choncho ankaupachika kutsindwi kwa khitchini yawo, komwe palibe ankalowako. Mwana akayamba kuyenda, make ankayenera kubweranso kuti akaukwirire limodzi patsinde pa mlambe paja.

Obweranso ndiwo anali ochepa. Ulendo woyamba ankabwera mozemba, dzuwa lili paliwombo anthu ali m'mithunzi, ngati odzabwereka lichero. Mwana akakula bwino njira ankaiiwala, ndipo akakumana ndi apongozi pamjigo ankawapatsa nkhongo. Miyeso inangochulukana kutsindwi kuja, yakuda bii ndi mwaye. Wa mwana wanga wamkazi unali kumapeto, ukadali woyera, chifukwa nthawiyo n'kuti akukwawa.

Zinthu zinaipa nyengo ya mwera, amuna ambiri ali kokapha nsomba kuchilumba cha Mbenji, amuna anganso ali komweko. Khanda la mayi wina woyandikana nafe linatentha thupi n'kukafera kuchipatala. Maliro atangotha kunabwera mlaliki wochokera kuboma ndi zokuzira mawu zake. Pamapemphero ake anatsinzina n'kunena kuti akuona ana a m'mudzi muno atamangidwa zingwe, atapachikidwa kutsindwi. Anthu anakuwa. Ine ndinadziwa kuti zimenezo sizinafune masomphenya. Anachita kuuzidwa ndi munthu amene ankazidziwa, ndipo amene ankazidziwawo anali amayi omwewo amene ankakuwa.

Kuyambira tsikulo usipa wanga unkangouma pathandala wopanda woufunsa. M'mawa wina tinapeza mchere utawazidwa panjira yolowera pakhomo. Ana amene ankadzatola malambe anasiya kubwera.

Ndinapita kwa apongozi ndili ndi mantha osabisika. Ndinawapeza akupota luzi ngati palibe chachitika.

"Amayi, tsitsani miyeso ija tikaikwirire lero lomwe."

"Ndikwirire wa mwana wa mwini make palibe? Sizichitika zimenezo, mwananga."

"Ndiye auzeni anthu eni ake. Atuluke poyera, anene okha kuti anabwera ndi miyendo yawo."

"Amene wabwera mozemba satchulidwa. Ena amuna awo sakudziwa."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti akusunga ulemu wa anthu amene akuwakumbira dzenje. Iwo anangolavulira kamalovu m'manja n'kupitiriza kupota.

Anthu a m'mudzi anabwera m'mawa wina, ine ndikuyanika nsomba. Patsogolo panali anyamata, ena atakweza mafoni m'mwamba kujambula, ndipo amayi ankatsatira pambuyo. Anathyola chitseko cha khitchini n'kutuluka ndi miyeso yodzaza manja, mwaye uli m'nkhope.

"Ana athu ndi awa!" anakuwa mnyamata wina.

Ndinathamangira kwa amayi aja mwana ali kumsana. "Inu simukuzidziwa zingwe izi? Inu mayi, simunabwere kuno ndi khanda lanu? Nanga inu?" Aliyense ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa.

Apongozi anaima pakhomo. Sanadziikire kumbuyo, sanatchule munthu. Anangoti, "Poti mwatsitsa, musaimwaze. Uliwonse upite kwa make."

Anyamata anaseka. Mwala unachokera kumbuyo kwa gulu n'kuwatema apongozi pachipumi. Magazi ataoneka anthu anabwerera pang'ono, koma anawauza kuti dzuwa lisawalowere m'mudzimo. Miyeso yonse anaiponya mujumbo yakuda, amvekere akaitentha pamapemphero. Ndinayesa kulanda jumboyo, anandikankha ndinagwera pathandala. Masana omwewo alongo awo a apongozi anabwera panjinga yamoto kuchokera ku Lifuwu n'kuwatenga, atamanga chitenje pabala.

Kumapemphero kuja sikunatenthedwe kanthu. Mlaliki anati jumbo ili ndi anyamata. Anyamata anati anaipereka kwa mlaliki. Sabata isanathe mlaliki analongedza zokuzira mawu zake n'kubwerera kuboma.

Pamenepo ndiye amayi anayamba kubwera kwa ine, dzuwa lili paliwombo, mmodzimmodzi, ngati odzabwereka lichero. Ankakhala pakhonde, kufunsa za usipa, kenaka n'kutsitsa mawu. Kodi jumbo ija mwamvako kumene ili? Kodi apongozi anu aja angathe kupanga kanthu kalikonse kuti mwana atetezeke? Mmodzi analira ndithu. Ndinkawayankha mwachipongwe, sindibisa, koma akachoka ndinkatsala ndi funso lomwelo, poti wa mwana wanga unali mujumbo momwemo.

Amuna anga atabwerako ku Mbenji tinapita ku Lifuwu kukawaona. Tinawapeza ataonda, atakhala pamkeka manja ali pamiyendo. Kupota anasiya. Ankati mlambe wa kumeneko suwadziwa. Za bala sanakambe, za nyumba yawo sanafunse. Anamuyang'ana mdzukulu wawo, amene tsopano ankayenda mogwira khoma, n'kutembenukira kwa ine.

"Wayamba kuyenda. Muyeso wake munaupeza?"

Ndinapukusa mutu. Iwo anamukokera mwanayo pafupi n'kupisa chala pansi pa mkuzi wake.

Kumudzi sanabwererenso. Mwana wanga panopa ali kusukulu, wojintcha, wolongolola ngati make. Ine ndimapemphera, ndimaimba kwaya, akadwala ndimathamangira naye kuchipatala ngati wina aliyense. Koma akangotentha thupi, m'mawa mwake pamjigo ndimapezeka ndikuyang'ana nkhope za anthu, imodziimodzi. Zaka zonse zija miyeso ya ana athu tinkadziwa pamene ili ndi amene akuisunga. Lero ili kutsindwi kwa munthu wina, ndipo sitikumudziwa.