Jombo zimene anandisankhira alamu

Ndinasiyira sukulu mu Fomu 3, ndipo kuyambira pamenepo aliyense kwathu ku Lupembe anadzipatsa udindo wondiganizira. Munthu wosiya sukulu safunsidwa kanthu. Ngakhale kukula kwa phazi lake amachita kuuzidwa ndi ena.

Ganyu ya kumapiri anandipezera ndi alamu anga, amuna awo a achemwali. Kwawo ndi ku Dedza, ntchito yawo ndi ya ukalaliki pa ofesi ina ku Karonga Boma, ndipo akafika pakhomo tonse timasiya Chitumbuka n'kuyamba Chichewa ngati kwabwera nduna. Anali ndi mnzawo amene amatenga alendo kukayenda wapansi m'mapiri a cha ku Chitipa, kugona m'matenti komweko. Mkuluyo ankafuna anyamata onyamula zikwama. Ulendo woyamba unali woyesera. Ukayenda bwino uzitengedwa nthawi zonse, ukalephera bwerera kwanu. Lamulo lake linali limodzi lokha: aliyense avale nsapato zenizeni. Patapata ayi, phazi lapansi ayi, chifukwa alendo amajambula chilichonse ndipo iye sankafuna kuoneka ngati akuyendetsa akapolo.

Ganyu imeneyo ndinkaifuna kwambiri. Ndinali nditatopa ndi kuwokera mpunga m'minda ya anthu, msana uli m'mwamba, misundu ikundiyamwa ngati ndine wa boma.

Loweruka lina alamu ananditenga kumsika, kwa anyamata a kaunjika wa nsapato. Amaziyala pansi imodzi imodzi, inzake ili m'thumba kuopa ife amene. Maso anga anagwera pa zina zopepuka, zansalu yooneka ngati ukonde, kunsi kwake kuli mano ngati tayala la thirakitala. Zinali zamtundu wa lalanje, ndi kachigamba kakang'ono pambali. Nditavala, zinandigwira chidendene bwinobwino, zala zili ndi pokhala. Ndinadumpha nazo. Sindinamve kuti ndavala kanthu.

"Karibu, bosi," anatero wogulitsa. "Izo ndiye za kuphiri. Palibenso zina."

Alamu anazitola ndi zala ziwiri ngati atola khoswe wakufa.

"Izi? Mlamu, ukupita kukagwira ntchito kapena kukavina mapenenga? Nsapato ya mwamuna imalemera. Ukainyamula uzimva kuti wanyamula chinthu."

Analoza jombo zakuda zachikopa, zofika pamwamba pa akakolo, zolemera ngati nangula wa boti.

"Eeh, bwana mkubwa ali ndi diso!" anatero wogulitsa yemwe uja, osachita n'komwe manyazi. "Izo ndiye za kuphiri zenizeni. Zinazo ndi za atsikana."

Ndinalowetsa phazi. Linayamba kusambira ngati usipa umodzi m'ndowa.

"Zandikulira, alamu."

"Ukula nazo."

"Ndili ndi ndevu ine. Ndikulira kuti?"

"Phazi silidziwa za ndevu. Komanso phazi limatupa paulendo, ndinawerenga pafoni."

"Kweli, bwana, limatupa," anavomereza wogulitsa. Akanati phazi limaikira mazira akanavomeranso.

Alamu anagwada n'kudinikiza chala chachikulu kunsonga kwa jombo, monga amachitira makolo pogulira mwana wa Sitandade 1. Chalacho chinalowa osakumana ndi munthu. Anagwedeza mutu ngati dokotala wokhutira. Kenaka anati afuna aone ngati mulibe msomali m'kati, ndiye anavula zawo, n'kuvala jombo zija, n'kuyenda nazo mpaka pa benchi ya tomato ndi kubwerera. Ankayenda mwaulemu, akudziyang'ana kumapazi. Ndinaona zonsezo. Koma wogwira chikwama cha ndalama satsutsidwa, ndipo ulendo unali pafupi.

Kunyumba amayi anazilandira ngati mtengwa. Anazipukuta, kuzipaka polishi, kuziika padzuwa kuti anthu odutsa aone.

"Zakuda zimalowa paliponse, mwana wane," anatero. "Kutchalitchi, kumaliro, ngakhale ukwati wa mng'ono wako zidzaupeza."

Atatero anazitsekera m'sutikesi, kiyi anamangirira kunsonga ya chitenje. Ndinapempha kuti ndiziyenda nazo pang'onopang'ono kuti chikopa chifewe ndi kuzolowera phazi.

"Ufuna uzimalize usanapite? Nsapato yatsopano siyendera pakhomo."

Umo ndi mmene timasamalira nsapato kwathu. Timaikonda kuposa phazi, chifukwa phazi sitinagule. Amayi akamapita kutchalitchi amanyamula zawo m'manja njira yonse, kukavalira pa mtengo wa mango wa pafupi ndi khomo. Za kukula kwa jombo sanadandaule nazo. Anatenga thonje lotsala la chaka chatha n'kukanikiza kunsongako mpaka kudzaza. Njere zake sanachotse. Anati kuzichotsa kungachepetse thonje.

Tsiku la ulendo ndinafika ndikuwala kumapazi ngati wapolisi watsopano. Anyamata anzanga anaimba mluzu. Mmodzi wa iwo, wa ku Mwenilondo, anali atavala nsapato za lalanje. Ndinayang'ana pambali pake. Kachigamba kaja kanali pomwepo. Alendo nawonso, anthu amene akanatha kugula jombo za dziko lonse, anali mu tinsapato topepuka ta mano kunsi. Ndinalakalaka alamu akanabwera kudzawafunsa ngati akupita kumapenenga.

Anandisenzetsa chikwama cha mapoto ndi tenti. Pachikweza choyamba chidendene chinayamba kukwera ndi kutsika m'jombomo, chikopa chouma chikupala ngati tupa. Ndinamanga zingwe mpaka mitsempha kutupa, koma osathandiza. Dzuwa lisanafike pamutu matuza anali atabadwa, kukula, n'kuphulika.

Kenaka tinaoloka kamtsinje. Madzi analowera pamwamba ndipo sanapeze potulukira. Wa ku Mwenilondo anaponda madzi omwewo, n'kuuma akuyenda. Ine ndinanyamula mtsinjewo kukwera nawo phiri, phwa, phwa, phwa. Thonje la amayi linanyowa n'kusanduka chibuma, njere zija zinatuluka n'kumayendayenda pansi pa zala ngati miyala ya bawo. Potsetsereka phazi lonse linkathamangira kutsogolo kukagunda kunsonga. Mayi wina mwa alendowo anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino. Chingerezi changa cha Fomu 3 chilibe mawu a zimene ndinkafuna kunena, ndipo a Chitumbuka sanali oyenera mlendo.

M'mawa mwake sokosi inakana kuchoka pachilonda, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitada ngati nthudza. Ndinavalabe. Ndinayenda motsimphina mpaka gulu lonse linayamba kumandidikira pamthunzi uliwonse, mtsogoleri wa ulendo, mnzawo wa alamu uja, akuyang'ana wotchi. Pamenepo ndinakhala pamwala, kuvula jombo, kumanga zingwe zake pamodzi, kuzikoleka m'khosi. Mwana wa amayi anga.

Phazi litagunda dothi ndinakhalanso munthu. Ndinadutsa alendo, kudutsa wa ku Mwenilondo, kukafika pogona wina aliyense asanafike, n'kuyamba kukhoma tenti. Mayi uja atafika anaona mapazi anga, magazi ndi fumbi, jombo zikulendewera pachifuwa. Anagwira pakamwa. Kenaka anatulutsa foni n'kujambula. Anzake nawo anajambula. Wina anandipatsa pulasitala, maso ali ndi misozi.

Mtsogoleri anandikokera kuseri kwa tenti.

"Achimwene, lamulo langa linali limodzi."

"Koma ndafika woyamba, bwana."

"Sindinafunse wofika woyamba. Zithunzi zimenezo zikukafika kwawo mawa. Akati ndani akuyendetsa anthu chonchi, ndiyankha kuti chiyani?"

Ulendo wotsatira sanandiitane. Wa ku Mwenilondo amapitabe mpaka lero, ndipo ndamva kuti wagula njinga.

Alamu anabwera ku Lupembe atakwiya. Anati ndawachititsa manyazi kwa mnzawo, anati munthu amene analephera sukulu sangathe phiri, anati zinthu zabwino siziyenera aliyense.

"Bweretsa jombo zija zisawonongeke."

Anakolowola thonje ndi kamtengo, n'kulowetsa phazi. Linakhala ndendende ngati anabadwa nazo. Amayi anatola inzakeyo, kuitembenuza, kupukuta kunsi kwake ndi chitenje.

"Taona," anandiuza. "Mapiri onse aja, koma kunsi kudakali kwatsopano. Alamu ako amadziwa kusankha."

Masiku ano alamu amazivala Loweruka lililonse, kuchokera kunyumba kwawo kukafika pamalo omwera mowa pafupi ndi depoti, msewu wathyathyathya wopanda ndi chulu chomwe. Ine ndili m'matope, ndikuwokera mpunga wa eni ake. Chikhadabo chija chinathothoka, chinamera china chokhota. Icho chokha ndiye chimene ndinakula nacho.