Njanji Yokhota ndi Ulendo wa ku Isando

Ndinatuluka pageti la kuntchito ku Benoni, ku Joni kuno, m'mawa wa Lachinayi, chisanu cha mu Julaye chikuluma makutu, njanji ili paphewa, mtima ukuwira. Munali mu 1997, ndipo ndinkagwira ntchito kwa mzungu wina wokhoma makabati a m'khitchini. Dzina lake tilisiye, tingoti bwana.

Njanji ndikunenayi si ya sitima ayi. Tinali ndi sowo yamagetsi ija umaikhazika pamwamba pa bolodi, n'kuikanikiza kuti mano ake atsikire m'thabwa, kenako n'kumaiyendetsa pa chitsulo chachitali cha aluminiyamu. Chitsulocho ndiye njanji. Ikakhala yowongoka, ntchito imakoma. Ikakhota, kaya dzanja lako ndi labwino chotani, thabwa limatuluka ngati nthochi.

Yathu yatsopano inali yokhota pang'ono chapakati, kukhota koti maso sangakuone msanga. Ndinadula zitseko zitatu, zonse zinakana kutsekeka. Nditawauza bwana kuti vuto ndi njanji, iwo akuti vuto ndi ine, mwina ndayamba mowa. Mowa ine! Munthu woti ngakhale masese sindidziwa kukoma kwake! Sabata yonse ankandinyoza pamaso pa anzanga, mpaka m'mawa umenewo anandiponyera risiti nati, "Pita nayo wekha ku Isando komwe ndinaigula. Akakanena kuti ilibe vuto, usabwererenso pano." Ndiye mudziwe kuti paphewa paja panali ntchito yanga, kanyumba kanga ka malata kudera la zisakasa la Ramaphosa, ndi sukulu ya ana anga awiri ku Dedza.

Kwathu katundu wa mwini sayenda maliseche. Choncho njanjiyo ndinaikulunga m'bulangete, n'kumanga bwinobwino ndi chingwe. Nditafika pokwerera matakisi, maminibasi a kuno aja, ndinadabwa anthu akundipatukira ngati ndine mfumu. Kenako ndinazindikira: zaka zimenezo eni matakisi ankawomberana masanasana, ndiye apa pakubwera munthu wa nkhope yokwiya, atasenza chinthu chachitali chokulunga ngati mfuti.

"Hayi wena, yini le?" anakuwa m'Chizulu dalaivala wa takisi ya ku Kempton Park, kufunsa chomwe ndanyamula, atabisala kuseri kwa chitseko.

Ndinamasula kumapeto kuti aone. Mantha atamuthera, dyera linamubwerera. Akuti ine marandi anayi, njanji marandi anayinso.

"Ilibe matako imeneyi, ikhala bwanji pampando?" ndinamufunsa m'Chizulu changa chotsimphina.

"Ndiye yendani nayo pansi, baba."

Ndinalipira, mano ali gwa. Njanji inagona pansi pa mipando, ine n'kumayang'anira phazi la aliyense kuti asaiponde. Ikanapindika malo ena, ku Isando akananena kuti ndaiwononga ndine. Mayi wina wonenepa amene anakhala pambali panga, beseni la magwinya lili pamiyendo, ankangondiseka.

"Ndinu a ku Malawi eti? Inu mumakulunga chilichonse ngati maliro."

Ndinafuna kumuyankha zowawa, koma anandipatsa gwinya limodzi lotentha, mandasi awo a kuno aja, ndiye mkamwa munadzaza.

Cha m'ma teni koloko ndinatsika ku Kempton Park n'kulunjika kusiteshoni ya sitima. Pakhomo penipeni apolisi awiri anandiimitsa. Mapepala ndinali nawo, koma mantha analipobe; Mmalawi aliyense wa ku Joni amawadziwa mantha amenewo. Ndinawauza kuti ndikukabweza chitsulo chokhota. Wina akuwerenga pasipoti, mnzake anamasula bulangete lonse, n'kuimika njanji pansi, n'kuitsamira ngati ndodo ya nkhalamba.

"Chonde bwana, mupinda!"

"Kodi si wati ndi yopindika kale?"

Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Asa! Ntchito ya munthu ili pachiswe, iwo akuona sewero. Anandibwezera zinthu zanga, ndinamanganso chingwe mwaukali.

Pa sitima kuchoka ku Kempton Park kukafika ku Isando si patali, ungotsala pang'ono kukhala pansi wafika. Ndinaimirira pakona nditakumbatira katundu wanga. Kutsika apo, ndi mafakitale okhaokha, mipanda ya waya, malole, ndi ndege zodutsa pamutu penipeni moti umawerama osafuna. Mthunzi kulibe, wofunsa njira kulibe. Ndinazungulira mpaka mapazi kutentha, uku ndikubwereza m'mutu Chingerezi chomwe ndikalankhule. Ndinali nditakonza mlandu wonse, poyambira ndi pothera pomwe.

Pageti la malo ogulitsawo panali mlonda wachikulire wa imvi. Asanayang'ane nkhope yanga anayang'ana chingwe.

"Mfundo imeneyo ndi yakwathu," anatero m'Chichewa. "Kumudzi ndi kuti, mwana wanga?"

Abale, ndinatsala pang'ono kulira. Anali a Phiri a ku Ntcheu, anabwera kale nthawi ya migodi ndipo sanabwererenso. Tinapatsana moni wa manja awiri, tinafunsana za mvula yomwe tonse sitinaione. Nditawauza chomwe ndadzera anapukusa mutu.

"Inunso njanji? Mwezi uno zalowa pano zambirimbiri. Lowani, khomo lachiwiri."

Mkati munali mtsikana pakauntala, akudya masangweji. Ndinakhosomola, ndinaimika chifuwa, ndinayamba mlandu wanga. Sindinamalize ngakhale mawu oyamba. Anangoloza pakona ndi chibwano. Pamenepo panali mulu wa njanji ngati yangayo, zitaunjikidwa ngati nkhuni.

"Ponyani pamenepo. Zonse zomwe zinabwera ulendo umenewo ndi zokhota. Tinawaimbira foni onse ogula mwezi watha."

Ndinaganiza kuti makutu andinamiza. "Onse? Ndi bwana wanga yemwe?"

Anayang'ana dzina pa risiti. "Aa, awa ndinalankhula nawo ndine. Anati atumiza munthu akapeza mpata."

Mwezi watha! Ine ndisanadule n'chitseko chimodzi chomwe! Ndiye kuti munthu uja ankanditchula chidakwa, ankandiopseza ndi kundichotsa ntchito, foni atailandira kalekale ndi khutu lake lomwe. Njanji yomwe ndinaiteteza kwa dalaivala, kwa apolisi ndi kumapazi a anthu, mtsikanayo sanaiyang'ane n'komwe. Ndinaiponya pamulu, inalira kuti ngwee, ndipo anandipatsa yatsopano ili m'katoni.

A Phiri ataona nkhope yanga potuluka anandigwira mkono.

"Mukakafika musakatsegule pakamwa kwambiri. Kuno tinabwerera ana."

Ndinawathokoza, koma mtima sunamve. Ulendo wobwerera ndinalipiranso mipando iwiri osatsutsa, mphamvu zonse ndikusungira bwana. Mu sitima ndinamukalipira mumtima. Mu takisi ndinamusiyira ntchito yakeyo kawiri konse. Tikulowa mu Benoni ndinakumbukira kuti kumudzi fizi ikudikira, ndiye mawu ena ndinawameza.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Bwana anali pakhomo ndi kapu ya khofi, anzanga akupala matabwa mkati. Ndinaika katoni patebulo, ndipo ndinalankhula mokweza kuti onse amve.

"Bwana, akuti njanji inali yokhota. Akutinso anakuimbirani foni mwezi watha."

Makina anazima. Bwana anakanda kumutu, anayang'ana kudenga, kenako anaseka pang'ono.

"O ja, zoona. Ndinaiwala. Nanga wachedwa kuti tsiku lonseli? Dula zitseko zija, mawa tikukakhoma."

Basi. Nkhani inathera pomwepo, iwo n'kubwerera ku khofi wawo. Ndinatsegula katoni, ndinagoneka njanji pa bolodi, ndinakanikiza sowo. Chitseko chinatuluka chowongoka, chinatsekeka bwinobwino.

Ntchito ndinaipulumutsa, ana sanachotsedwe sukulu. Chomwe ndinaphunzira tsiku limenelo n'chakuti kuno chitsulo chikalakwa amachisintha msangamsanga popanda mafunso, koma bwana akalakwa wosenza ndiwe. Amati pepani sapoletsa chilonda, ndikudziwa. Koma ine ndinkamufunabe pepani ameneyo, ndipo ndinagwira ntchito pamenepo zaka zina zinayi osamumva.