Timbewu Takuda Timene Bambo Ankatafuna

Bambo anga anatha zaka zitatu osalawa kanthu kwa mlongo wawo weniweni, azakhali athu. Nkhani inayambira pa mitengo ya manachesi imene makolo awo anasiya. Atakangana za malire, azakhali anapha nkhuku kuti mitima izizire. Bambo anadya, m'mimba munatsegula, basi mlandu unathera pomwepo: awathirira mankhwala. Zoti tsiku lomwelo anamwa thobwa logonera pamsika, ayi, zimenezo sitinkaloledwa kuzitchula.

Kuyambira pamenepo akamapita kumudzi kwawo, kuseri kwa phiri, ankanyamula mbatata yootcha m'thumba la jekete. Munthu wamkulu, mwini mbumba, kumakadyera kuseri kwa khola ngati mwana wakuba! Zinkandinyansa. Azakhali ankangoika mbale, n'kudzaichotsa itazizira. Ndinawapezapo akupukuta maso ndi chitenje, ndipo mtima unandipweteka.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ku Chifunga. Tsiku lina ndikudikira minibasi pa Zalewa, wogulitsa zitsamba wina anandikakamira ndi timbewu takuda, tating'ono ngati chitowe, ati bulaki sidi. Ati timateteza thupi ku poizoni amene timadya m'masamba opopera mankhwala ndi m'mafuta ophikira. Ndinagula kuti asiye kundilondola. Kunyumba nditangotchula za poizoni, bambo anatchera khutu, n'kundifunsa ngati ndi poizoni aliyense, ngakhale wothiridwa ndi munthu. Ndinati eya. Ndinanama, Mulungu andikhululukire.

Tsono amayi anga sataya botolo. Timbewuto anatikhuthulira m'kabotolo kakale ka mapiritsi, n'kukasomeka kutsindwi, kumene amasungako mbewu zawo zakudimba: mpiru, tomato, anyezi, zonse m'timabotolo tofanana, topanda cholemba. Amati amazidziwa ndi maso.

Bambo anayamba kutafuna timbewu tingapo m'mawa uliwonse, nkhope itakwinyika. Lamlungu tikuweruka kutchalitchi analunjika kwa azakhali, anadya nkhuku mpaka kuphwanya mafupa. Atabwerako anakhala pakhonde, dzanja lili pamimba, kudikira imfa. Siinabwere. Ndiye mukanawamva kudzitama kwake! Ati chiphe chakumana ndi akuluakulu ake. Lamlungu lililonse anali komweko, kudya mochita kuputa dala, kupemphanso msuzi woonjezera. Azakhali, osadziwa kanthu, ankangoti mchimwene wawo wawakhululukira, ndipo anayambanso kuimba posesa. Amayi akadandaula kuti m'kamwa mwa bambo mukutuluka fungo lachilendo, iwo ankati ndi poizoniyo akutuluka.

Mvula itasiya, amayi anafesa anyezi wawo pa nazale kudimba. Anyezi amamera ngati singano, aliyense amadziwa. Koma pamenepo panamera timasamba tonga ta karoti. Loweruka lina ndili kunyumba ndinangowaona akukwera chitunda, timbande tili m'manja, mpango utapendekeka. Analowa m'nyumba osalonjera munthu, anatsitsa botolo la bambo, ananunkhiza, n'kuluma kambewu kamodzi.

"Abambo ake, mwandidyera dimba lonse!"

Mbewu ya anyezi nayonso ndi yakuda, yaing'ono chimodzimodzi. Bambo, potenga botolo tsiku loyamba lija, anasolola la pambali pake. Mankhwala anga amayi anakawathirira madzi kudimba, pamene anyezi amene anamusunga chaka chathunthu anathera m'mimba mwa amuna awo.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma nditayang'ana nkhope ya bambo, kuseka kunandithera. Anali akuwerenga masabata pa zala, ndipo anafika asanu ndi atatu. Ndinachita mantha kuti basi, kwa azakhali sadzadyakonso.

"Ndiye kuti ndinkadya kumene kuja ndilibe chilichonse m'thupi?" anafunsa chapansipansi.

"Munali ndi anyezi," anatero amayi, mkwiyo usanathe. "Mwina nkhukuyo inkakomerako."

M'mawa mwake ndinawapatsa bambo timbewu tenitenito, timene tinatsala pofesa. Anatiyang'ana, anati ndikapatse nkhuku, kenaka anandiuza kuti ndiwaperekeze. Njira yonse ine patsogolo, iwo pambuyo, kumangotsokomola.

Tinapeza azakhali akusenda maungu pabwalo. Bambo anavula chipewa, n'kugwada padothi ndi suti yawo yakutchalitchi.

"Mlongo wanga, zaka zitatu ndakhala ndikukuyesani wofuna kundipha. Ngakhale masabata apitawa ndinkabwera nditatafuna mankhwala."

Azakhali anawayang'ana, mpeni uli m'manja.

"Dzukani achimwene, mwanayu akuona. Sambani m'manja."

Anawathirira madzi okha, osandilola kugwira jagi. Madzi ambiri anathera pa nsapato za bambo, ndipo bambo sanasunthe phazi.