Mtsinje Unasamuka Ine Ndili ku Joni

Ndinatsimikiza zopita ku Joni tsiku limene Levi anagula wailesi. Sinali wailesi yoti munthu n'kuiyang'ana kawiri, koma asibweni, ndiye kuti amalume athu, anaitenga m'manja, kuitembenuza uku ndi uku, n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Mwana uyu ali ndi mutu." Ine ndinali pomwepo, wanga mutu uli pakhosi bwinobwino, koma palibe amene anauona.

Levi ndi mwana wa amayi aang'ono. Tinabadwa chaka chimodzi, ine ndinatsogola ndi miyezi inayi, ndipo miyezi inayiyo ndinkaisunga ngati chuma. Chifukwa chake ndi ichi: asibweni anali mfumu, Chizumba wachinayi, ndipo kwathu dzina la ufumu silipita kwa mwana wa mfumu, limapita kwa mwana wa mlongo wake. Alongo awo analipo atatu. Aakulu, Anyamanda, sanabereke. Achiwiri anali amayi anga, achitatu amake Levi. Aliyense wodziwa kuwerenga zala akanaona kuti dzinalo likubwera kwa ine, Yotamu. Koma amene amaloza munthu ndi amayi a banja, ndipo amayi sawerenga zala zokha.

Dziko la Chizumba ndi laling'ono, komanso ndi loimirira. Lili kumpoto kwa Usisya, kumene mapiri amatsetsereka mpaka m'madzi osasiya malo oti n'kuseweretsapo mpira. Galimoto sifika. Ukafuna kubwera kwathu umakwera boti, ukafuna kukaona munda wako umakwera phiri. Mbiri ya mafumu athu nayo inayenda motsetsereka chomwecho. Chizumba woyamba anakhala pamwamba penipeni pa phiri la Nthembwe, m'miyala, pothawa nkhondo ya Angoni. Wachiwiri anatsitsa mudzi kufika pakati pa phiri, ndipo ndiye anapangana ndi a kwa Mlenga, oyandikana nafe, kuti malire akhale mtsinje wa Kavumbu: tsidya lino lathu, tsidya ilo lawo. Iyeyu ndiye anayamba manda a banja lachifumu, chakumtunda, kumbali yathu ya mtsinjewo. Wachitatu anatsikira kunyanja kutsata sukulu ya mishoni ndi usipa. Zonsezi ndinkazinena pamtima ndili ndi zaka khumi, pamene Levi ankalephera ngakhale kutchula masiku a sabata.

Ndiye za wailesi zija zinandiwawa. Ndinati ngati mutu umaoneka ndi katundu, ndikatenga katundu woti phiri lonse lione. Nditakatsanzika, asibweni anali kusoka ukonde, ndipo sanadzutse nkhope.

"Pita, mwana wangu. Koma usakachedwe. Anthu amazolowera amene akumuona."

Ndinayankha kuti yewo, zikomo wa kwathu, mumtima ndikuti akulankhula ukalamba. Ndinakwera sitima yapamadzi mpaka ku Nkhata Bay, kenako basi masiku atatu, ndili ndi jekete yobwereka ndi adiresi ya mnzanga wa ku Ruarwe.

Ndinati ndikhala zaka zitatu. Ndinakhala khumi ndi zinayi. Ndinayamba ndi kusesa pabwalo ndi kudulira maluwa kunyumba ya azungu ena, kenako anandilowetsa kukhitchini ataona kuti ndimadziwa kukazinga nsomba osaiphwanya. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa garaja, khoma limodzi ndi agalu. Agaluwo ankapita kwa dokotala kawirikawiri kuposa ine. Pasipoti inatha mphamvu m'chaka choyamba chomwe, ndiye kupita kumudzi kunatanthauza kusabwereranso, ndipo chaka chilichonse ndinkati nditsale pang'ono, katundu sanakwane. Lamlungu tinkakumana Atonga okhaokha kutchalitchi, tikatuluka n'kumakadya kondowole wa ufa wodula ngati mankhwala, aliyense akunama za nyumba imene akumanga kwawo. Kunena zoona, ndinali wosungulumwa kwambiri. Masiku ena ndinkalankhula Chitonga ndi agalu aja kuti lilime lisaume.

Ndalama ndinkatumiza, zimenezo palibe angatsutse. Malata a tchalitchi, a fizi a ana amene sindinawaonepo, mankhwala a asibweni. Chachikulu chinali injini ya boti yomwe ndinawagulira mfumu kuti asamapalase popita kumisonkhano. Patapita mwezi, pafoni panafika chithunzi. Asibweni akhala pakati pa boti atavala chipewa, ndipo kumbuyo, dzanja pa injini yanga, mano onse panja, Levi. Tsiku limenelo ndinathira mchere kawiri m'supu ya abwana.

Mafoni a zithunzi anandionjezera matenda. Pamaliro, Levi kumbuyo kwa asibweni. Pamlandu wa mbuzi, Levi wanyamula mpando wa asibweni. Pamalipenga, Levi akupereka madzi kwa alendo. Ndinkakulitsa chithunzi ndi zala kuti ndione ngati wavala nsapato. Sankavala, ndipo zimenezo zinkanditonthoza kwa tsiku limodzi. Iye ankanditumizira mawu aulemu nthawi zonse: "Mwe uli, akulu? Kuno tili bwino, tikukudikirani." Ine ndinkamva ngati akundiseka.

Chaka china mvula inavuta, ndipo anaimba foni kuti phiri lagumuka, minda yakokoloka. Ndinatumiza ya chimanga ndi mapepala ofolerera, n'kuuza anzanga kutchalitchi kuti anthu anga ndawapulumutsa. Sindinafunse kuti lagumuka pati.

Asibweni atamwalira ndinalongedza zonse: masutikesi anayi, sofa, jenereta, suti yakuda yokakhalira pampando. Pamaliro sindinafikepo, ndinapeza ataika kale. Boti litakocheza, ana anathamangira katundu, amayi a m'mudzi analulutira, ndipo ndinamva kukoma kumene ndinakudikira zaka zonse zija. Levi anabwera atapinda buluku, n'kusenza sofa yanga pamutu kupita nayo kumtunda. Ndinati mumtima, zayamba bwino.

Anyamanda ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Anali atachepa thupi, koma pakamwa panali pomwe paja. Sanayang'ane masutikesi.

"Wafika? Mawa tikwere, ukalire anyoko."

Amayi anga anamwalira m'chaka changa chachisanu ndi chinayi ku Joni. Ndinatumiza bokosi labwino, loyera, koma ine sindinabwere, chifukwa cha pasipoti ija. Mwambo wake, munthu wotere akafika amayamba wapita kumanda asanachite china chilichonse. Koma ine ndinali nditaitanitsa mwala wolembedwa dzina lawo kuchokera ku Mzuzu, ndipo ndinkafuna kukwera nawo pamaso pa mudzi wonse, ndili kale mfumu.

"Ama, tidikire mwala ufike. Tikachite zinthu mwadongosolo."

Anangopitiriza kusenda.

Nkhani ya ufumu sinadikire. A kwa Mlenga, ataona kuti mpando uli wopanda munthu, anadzutsa mlandu wa malire, ndipo kuboma kunachokera mlembi kudzaona malowo ndi maso. Anali bambo wa ku Dedza, Chitonga sankachimva n'komwe. Anyamanda analamula kuti ine ndi Levi tonse tipite, tikalankhulire banja. Aliyense anadziwa kuti akutiyesa. Ine ndinasangalala, chifukwa Chichewa cha Levi ndi cha pamsika wa usipa, chongokwanira kutchula mtengo, pamene ine ndikhoza kuthirako ndi Chingerezi.

Tinanyamuka m'mawa, anthu ngati makumi atatu. Ndinavala suti ija ndi nsapato zosongoka. Njira sinali imene ndinkaidziwa, inkakhotera kumanzere m'tchire la minga, koma ndinati njira zimasintha. Tisanafike n'komwe pakati pa phiri, malaya anali atandimatirira kumsana. Kenako ndinamva madzi, ndipo tinatulukira pa Kavumbu, akuyenda pamiyala monga kale. Ndinaona kuti tafika msanga, koma ndinaganiza kuti ubwana umatalikitsa mitunda.

Mlembi anatsegula buku lake. "Eya, a kwa Chizumba, malire anu ndi ati?"

Levi anatsegula pakamwa. Sindinamulole. Ndinapita kutsogolo, n'kuimirira pamwala, n'kuyamba kuchokera kwa Chizumba woyamba m'miyala ya Nthembwe. Ndinatchula mafumu onse anayi, alongo awo, nkhondo, njala, kubwera kwa mishoni. Mawu ankatuluka okha. Mlembi ankagwedeza mutu, ndipo ndinaona a kwa Mlenga akumvetsera mwachidwi. Pomaliza ndinaloza madzi.

"Malire ndi mtsinje uwu, bwana, monga anapanganirana makolo. Tsidya lino n'lathu. Tsidya ilo, kuyambira pamadzi pomwepa, n'la a Mlenga. Ife kumeneko tilibeko ngakhale nkhuku."

A kwa Mlenga anaomba m'manja. Mkulu wawo anaseka mpaka kutsokomola. "Yewo, ada! Lembani zimenezo, bwana. Wanena mwini wake, wochokera ku Joni!"

Kumbali yathu mayi wina anagwira pakamwa. Ndinacheuka kufuna nkhope yondiyamikira, ndipo ndinapeza Anyamanda atakhala pansi, akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Levi anayandikira mlembi, atagwira chipewa m'manja, n'kulankhula Chichewa chake chothyokathyoka chija.

"Pepani, bwana, mundayambe kulemba. Akulu anena unenesko, malire ndi Kavumbu. Kweni akunena Kavumbu wakale. Uyu ndi wa sonosono. Phiri likati lagumuka, maji anathawa njira yake, anabwera kuno. Tiyeni mukaone."

Anavula malaya, kuwoloka, ife tonse pambuyo pake. Nsapato zanga zinadzaza madzi. Tsidya linalo tinadutsa minda ya chinangwa, ndipo Levi ankatchula mwini wa uliwonse: uwu wa amayi amasiye akuti, uwu wa ana a uje. Yonse inali ya anthu athu, ndipo ine ndinali nditangoipereka ndi Chichewa chabwino. Titayenda kanthawi tinafika pa khwawa louma, lodzaza miyala yosalala, imene madzi okha ndi amene amaisalaza. Levi anaonetsa mlembi mitengo itatu imene asibweni ndi mfumu yakale ya kwa Mlenga anabzala limodzi chaka cha chigumukire, kuti malire asatsate madzi. Levi ndiye anakumba maenje ake. Mkulu wa kwa Mlenga anayesa kukana, koma mmodzi wa anthu ake omwe anavomera kuti analipo tsikulo. Mlembi analemba, mlandu n'kutha.

Mukuganiza kuti ndinamuthokoza? Ndinamuda. Akanandinyoza pamaso pa anthu, bwenzi ndili ndi pogwira. Koma iye anandiphimba, anati akulu anena zoona, ndipo aliyense anaona kuti akundiphimba. Nsanje imene ndinali nayo ku Joni inali yamasewera poyerekeza ndi imene inandigwira pa khwawa lija.

Alendo atatsika, Anyamanda anaimirira ndi ndodo yawo. Sanachite msonkhano, sanafunse munthu. Amayi ena a banja anali atawazungulira kale, ndipo zinaoneka kuti nkhaniyo yatha ndi maso okha.

"Levi, dzina n'lako. Mwambo tichita mwezi ukaoneka." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, poti wafika kale kuno, mwala usaudikire. Anyoko ali apo. Lero unawapereka kwa a Mlenga."

Analoza chakumtunda pang'ono, pakati pa khwawa louma ndi mtsinje watsopano. Mpamene ndinazindikira mitengo ikuluikulu ya kumanda a banja lathu. Inali kutsidya kumene ndinati tilibeko ngakhale nkhuku.

Ndinapita ndekha kutsogolo. Manda a Chizumba wachiwiri ndinawadziwa, ali ndi mulu wa miyala. A asibweni ndinawadziwa, dothi linali lisanaume. Koma pakati pake panali mitumbira isanu ndi umodzi ya anthu amene anamwalira ine kulibe, yofanana yonse, yolambulidwa bwino, yopanda dzina. Ndinaima pamenepo ndi suti yanga yonyowa. Ndinayang'ana woyamba, wachiwiri, kubwerera kwa woyamba. Ndinkayembekeza kuti mtima undiuza, koma mtima sunanene kanthu. Kumbuyo kwanga amayi a banja anali atayamba kale kulira, kudikira kuti mwana agwade iwo atsatire.

Munthu yekhayo amene anali pafupi nane anali Levi. Anaima chapatali pang'ono, maso pansi, osafuna kundichititsa manyazi kachiwiri. Mafumu anayi ndinkawadziwa pamtima, ndi alongo awo omwe, koma funso ili linalibe njira ina yolifunsira.

"Levi," ndinanong'ona, "amayi anga ndi ati?"

Sanaloze ndi chala. Anapita pa mtumbira wachinayi, n'kugwada iye poyamba, kuti anthu aone ngati tafika limodzi.